Masikimu Atatu a Mkamwini

Tsiku limene ndinakaonekera koyamba kuchikazi, m'mudzi wina woyandikana ndi sikimu ya mpunga ya Likangala ku Zomba, amalume a mtsikana amene lero ndi mkazi wanga anandiyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kumutu, kenaka anafunsa funso limodzi lokha: "Aphunzitsi, kodi sikimu muli nayo?" Ine, amene ndinali nditachezera masiku angapo ndikulemba masikimu a teremu yachiwiri, ndinayankha monyadira kuti ndinali ndi masikimu atatu, ndipo ina mwa iyo inali ya zaulimi. Mkuluyo anagwedeza mutu mokhutira, nauza ankhoswe anga kuti nkhani yatha, mwana wawo wapeza mwamuna. Tambala anaphedwa madzulo omwewo.

Kwa mphunzitsi, sikimu ndi kope lalikulu lodulidwa mizere, mmene timagawamo ntchito ya teremu yonse sabata ndi sabata, ndipo a hedi amasayinamo. Kwa anthu a m'mbali mwa nyanja ya Chilwa, sikimu ndi dambo la ngalande ndi mapuloti, kumene kumachokera mpunga wa Faya. Zonse ziwirizi ndinkazidziwa bwino lomwe, koma munthu akakhala pamkeka pamaso pa akuchikazi, thukuta likuyenderera m'kolala, nzeru zimatsalira kunjira.

Ukwati unachitika, ndipo mwezi wa Juni, nthawi yokolola, amalume aja anatulukira kunyumba yanga ya pasukulu ndi anyamata awiri, njinga zitatu ndi matumba opanda kanthu 12, anayi pa sikimu iliyonse. Atamwa tiyi anati, "Akamwini, tabwera kudzakuthandizani kumweta, tiyambire sikimu iti?" Mkazi wanga anathawira kukhitchini, ndipo ndinamumva akutsokomola chifuwa chimene analibe. Ine ndinalowa kuchipinda, ndinatenga makope atatu aja, la Chichewa, la Masamu ndi la zaulimi, n'kuwaika patebulo ndi manja awiri.

Pamenepo ndikanangopepesa, koma uphunzitsi ndi matenda. Ndinaimirira ngati ndili kutsogolo kwa Sitandade 7 n'kuyamba kufotokoza kuti palibe amene ananama, popeza mawu akuti sikimu tinabwereka ku Chingerezi, Angerezi anawatenga ku Chilatini, ndipo Aroma nawonso anachita kubwereka kwa Agiriki, amene ankati schema potanthauza maonekedwe kapena kaumbidwe ka chinthu. Ndinawauza kuti Agiriki ankatchula motero kaimidwe ka munthu wovina komanso kasanjidwe ka mawu ka katswiri wolankhula pabwalo, ndipo mpaka lero chovala cha amonke a mpingo wa Orthodox amene afika pa lumbiro lapamwamba kwambiri chimatchedwa ndi dzina lomweli. M'Chingerezi mawuwa analowa m'zaka za m'ma 1500 ali a luso la kalankhulidwe, ndipo pambuyo pake anayamba kutanthauza chojambula, dongosolo la ntchito, ngakhalenso chiwembu. Pa liwu lomalizali amalume anakweza nsidze, ndipo ndinazindikira kuti ndadzitchera ndekha msampha.

M'malo mokhala pansi, ndinathamangira ku zimene tinaphunzira kukoleji. Ndinatchula Immanuel Kant, katswiri wa nzeru zakuya, amene mu 1781 anagwiritsa ntchito schema ponena za chimene chimalumikiza ganizo la m'mutu ndi zinthu zimene maso amaona. Ndinatchulanso Frederic Bartlett, katswiri wa za kaganizidwe ka anthu wa ku yunivesite ya Cambridge, amene mu 1932 anaonetsa kuti munthu akamva nkhani yachilendo amaipinda kuti igwirizane ndi zimene ali nazo kale m'mutu. "Choncho, bambo," ndinatero, "inu munamva sikimu n'kuona mpunga chifukwa m'mutu mwanu muli ngalande, pamene ine ndinaona kope chifukwa m'mutu mwanga muli choko." Mmodzi wa anyamata aja anali atagona kale pamatumba.

Chimene chinandimaliza ndi mfundo imene ndinaisunga kumapeto poganiza kuti ndiyo yokoma koposa. Ndinati muzu wa schema ndi mneni wa Chigiriki echein, wotanthauza kugwira kapena kukhala nacho chinthu, chifukwa maonekedwe ndi mmene chinthu chadzigwirira. Amalume anafunsa mofatsa ngati ndanenadi kuti kukhala nacho, ndipo ndinavomera. Anatenga kope la zaulimi, analitsegula pa sabata imene ndinalembapo za kuwokera mbande, analigwedeza mozondotsa ngati akuyembekeza kuti mugwa njere, kenaka anati, "Ndiye Agirikiwo ali mbali yanga, akamwini. Inu muli nacho chiyani?"

Malipiro a mwezi umenewo anathera pa thumba la mpunga la makilogalamu 50, limene ndinakagula kumsika kwa mayi wina amene, monga ndinamva pambuyo pake, anaupikula ku Likangala komweko. Amalume analimangirira panjinga osayankhula, napinda matumba 11 otsalawo mosamala. Atafika pachipata anabwerera, nasolola thumba limodzi n'kundipatsa, ati ndizisungiramo zokolola zanga kuti chiswe chingadye masikimu onse atatu.