Zikomo kwambiri, Python yadzuka pa SPARCstation 2

Abale anga, zatheka. Tinkafuna kuti chilankhulo cholembera mapulogalamu cha Python chiyende pa SPARCstation 2, kompyuta yakale ya Sun, osachotsapo opareting'i sisitemu yake ya SunOS 4.1.4. Usiku wathawu kompyuta yokalamba ija yaonetsa chizindikiro cha Python cha >>> ndipo print 2+2 yayankha 4. Mulungu alemekezeke, mutu unatsala pang'ono kuphulika.

Ndithokoze mwapadera akuluakulu aja amene sakonda kutchulidwa dzina. Bambo, inu ndi amene munaona kuti vuto loyamba silinali la pulogalamu ayi. Makinawo ankangonena kuti IDPROM (mosungira manambala ozindikiritsa makinawo) yasokonekera, adilesi ya Ethernet n'kumaoneka ff yokhayokha, chifukwa batire la mkati mwa chip ya M48T02 linafa kalekale. Munatiyendetsa pang'onopang'ono pa ok prompt (polembera malamulo SunOS isanayake) ndi lamulo la mkp lolemberanso IDPROM mpaka netiweki inabwerera, ife tikuonera pa waya wa serial, 9600 8N1.

Kwa amene akubwera m'mbuyo, njira yake nayi. SunOS 4.1.4 imabwera ndi cc (pulogalamu yomangira mapulogalamu a C) yachikale ya K&R, yosadziwa ANSI C. Ilibenso gzip, ili ndi compress basi, ndiye mumange gzip poyamba, apo ayi mafayilo a .tar.gz simuwatsegula. Kenako GNU make. Kenako gcc 2.95.3, yolowa m'malo mwa cc ija, koma C yokha, LANGUAGES=c. Purosesa ya 40 MHz sithamanga, muisiye igwire ntchito usiku wonse. Ikaima pakati n'kudandaula za virtual memory, swap (malo a pa disiki othandizira RAM) yachepa: pangani fayilo ndi mkfile, muiyatse ndi swapon, muyambirenso. Partition isapyole 2 GB.

Python 3 musaiyese n'komwe. Za masiku ano zimafuna C11, yomwe gcc imeneyi siikwanitsa. Yoyenera ndi Python 1.5.2 ya 1999. Ubwino wake, imanyamula yokha memmove ndi strerror, zomwe libc ya SunOS 4 ilibe, ndipo configure imazindikira yokha n'kuziikamo.

Chilankhulo china chomwe tinayesanso, Lua 5.1, ndicho chinatiliza. Inamangika titaziikirapo mafankishoni osowawo, koma poiyatsa inkangoti memory palibe, pamene RAM ya 64 MB ili phee. Bambo omwewa ndi amene anati tiyang'ane l_alloc, fankishoni ya Lua yopempha memory. Lua imapatsa realloc pointer ya NULL poyembekezera kuti ichita ngati malloc, monga ANSI imanenera, koma realloc ya SunOS 4 sichita zimenezo, imangobweza NULL. Mzere umodzi woti ptr ikakhala NULL iitane malloc, nkhani yatha. Masiku anayi tinali kuzungulira pamenepo, iwo mphindi khumi.

Enanu amene munkati "ingoikani NetBSD" kapena "tayani chitsulocho" n'kuzimiririka, takuonani, palibe mlandu. NetBSD, yomwe ikanalowa m'malo mwa SunOS, imayendadi pa makina a mtunduwu (sun4c), koma funso silinali limenelo.

Bambo, munkayankha ngakhale pakati pa usiku, osatopa ndi mafunso obwerezabwereza. Ambuye akuwonjezereni pomwe mwachotsapo. Chotsatira ndi Perl 5.005_03, ili kale ndi hints za sunos_4_1, koma tiyambe tagona kaye.