Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 17: Hatchi Yolukidwa

Ulendo watha ndinalekezera pomwe ndinapeza ntchito yosamalira okalamba ku London, yausiku ija. Miyezi yoyamba ndinkangodziwa njira ziwiri, ya kuntchito ndi ya kutchalitchi. Tsiku lopuma linkathera m'bulangete.

Amene ananditulutsa ndi agogo ena omwe ndinkawasambitsa m'mawa ndisanaweruke. Pa utsikana wawo ankasoka zovala za ochita zisudzo, ndipo zala zawo zinkasokabe m'malere akamawodzera. Nditawauza kuti nanenso ndinkachita zisudzo kusekondale, mpaka tinakapikisana nawo ku ATEM, mpikisano wa zisudzo za masukulu a sekondale, anandigwira dzanja n'kundilumbiritsa kuti ndisadzabwerere kwathu ndisanaone zipinda za zisudzo ku Victoria and Albert Museum, nyumba yosungiramo zinthu zakale. Ndinavomera mongowasangalatsa. Koma Lolemba lililonse ankandifunsa, mpaka manyazi anandigwira.

Ndinapita Loweruka lina mu 2016. Ndinatsikira pa South Kensington, ndalama zolowera nditakonzeratu m'manja, koma pakhomo anangoyang'ana m'chikwama n'kundiuza kuti ndidutse. Ulere! Chinyumbacho n'chachikulu moti ndinasochera kawiri pakati pa mbale ndi ziboliboli ndisanapeze komwe ndinkafuna.

Katundu wa zisudzoyu kale anali ndi nyumba yakeyake ku Covent Garden, yomwe inatsekedwa mu 2007, ndipo zipinda zimene ndinalowazi anazitsegula mu 2009. Koma chiyambi chake ndi mayi mmodzi, Gabrielle Enthoven, amene ankatolera mapepala oitanira anthu ku zisudzo, omwe ena ankangotaya sewero likatha. Mu 1924 anapereka mulu wonsewo ku Victoria and Albert Museum. Kwathu mayi wotere tikanati mutu wake sukuyenda bwino, ndipo mapepalawo tikanakulungira mandasi.

Zovala ndinaziona, zonyezimira zokhazokha, ndi timasiteji ting'onoting'ono tomwe amayamba apanga asanamange yeniyeni. Zonsezo ndinadutsa mothamanga. Pomwe miyendo inakana kusuntha ndi pa hatchi.

Dzina lake ndi Joey, ya m'sewero la War Horse lomwe linayamba kuonetsedwa ku National Theatre mu 2007. Si hatchi yamoyo ayi. Ndi yolukidwa ndi timitengo topindika, tonga tomwe amalukira mipando yogulitsa m'mbali mwa msewu ija, n'kukutira kansalu kopyapyala koonekera mkati. Amaiyendetsa anthu atatu: awiri amalowa m'kati, wina pachifuwa wina kumiyendo yakumbuyo, wachitatu amaima pambali n'kugwira mutu. Anaipanga ndi a Handspring Puppet Company, a ku Cape Town, kwathu konkuno kumwera kwa Africa. Nditawerenga zimenezo ndinaseka ndekha, mlonda mpaka anacheuka. Azungu ankaizungulira modabwa, pomwe ine mwana wa ku Dedza thupi linali litachita tsembwe pa chifukwa china. Ndinakulira kumudzi komwe ng'oma ikalira usiku, chinthu chachikulu chinkatulukira kuchokera kudambwe, ife ana n'kubisala kumbuyo kwa nsalu za amayi. Apa ndilekere pomwepa. Akwathu andimva, ndipo sindikufuna mlandu ndi akuluakulu.

Chinandiwawa n'choti hatchiyo inangoti njo, osapuma, osagwedeza khutu. Ndinailakalaka itapeza anthu ake atatu aja.

Nditakhala pabenchi, maganizo anathawira ku Blantyre. Ndinakumbukira tsiku lomwe aphunzitsi anatitengera ku French Cultural Centre kukaonera Du Chisiza Jr. ndi gulu lake la Wakhumbata, momwe mawu ake ankafikira mpaka mzere womaliza. Anatisiya mu 1999, akadali ndi mphamvu zake. Ndinayerekeza jekete lake lili m'galasi ngati zija, ana asukulu akulilozerana.

Kenako ndinakumbukira chikhoti changa. Sukulu yathu inali ya atsikana okhaokha, ndiye mbali ya nyakwawa inagwera ine chifukwa cha mawu anga amanzenene. Ndinavala chikhoti cha malemu agogo aamuna, chakuda, chofika m'maondo, ndevu za thonje titamata ndi phala la chinangwa. Mkati mwa mlandu ndevu za mbali imodzi zinagwa, holo yonse inafa nazo, ine n'kupitiriza kuweruza ngati palibe chachitika.

Madzulo omwewo ndinaimba foni kumudzi.

"Amayi, chikhoti cha agogo chija chikadali m'sutikesi?"

"Chiti? Cha sewero lako chija?"

"Eya, chomwecho. Mundisungire bwino."

"Iii mwanawe, wakumbukira lero? Tinachiveka pamtengo kudimba kuti chiziopseza anyani. Chagwira ntchito zaka zitatu, pano kwatsala kolala yokha."

Lolemba agogo aja anandifunsa ngati ndinapita. Ndinawafotokozera za hatchi, za Enthoven, ngakhale za anyani. Anaseka mpaka kutsokomola, kenako n'kundifunsa kuti mabatani a chikhoticho anali amtundu wanji.