Zomwe ndaphunzira pothamangitsa RAM pa bodi ya Ryzen

Nambala yolembedwa pa paketi ya RAM (memory ya kompyuta), kaya 3200 kaya 3600, si liwiro lomwe kompyuta imayambira. Pa zonse zomwe ndakhala ndikuphunzira zokhudza kukonza makompyuta, mfundo imeneyi ndi yomwe yanditsegula maso kwambiri. Ukaika RAM yatsopano ya mtundu wa DDR4, bodi (motherboard) imaiyendetsa pa liwiro lotsika la JEDEC (bungwe loika miyezo ya memory), kawirikawiri 2133 kapena 2400, pa 1.2V. Kuti ifike pa nambala ya pa paketi, umalowa mu BIOS (pulogalamu ya pa bodi yomwe imayamba kuyenda ukayatsa kompyuta) n'kuyatsa XMP (ndondomeko ya liwiro lokwera yosungidwa mu RAM momwemo), yomwe a ASUS pa mabodi a AMD amaitcha DOCP. Mphamvu imakwera kufika 1.35V, ndipo pamenepo wayamba kale overclock (kuthamangitsa chipangizo mopitirira liwiro lake lokhazikika), ngakhale sunakhudze purosesa.

Ndinkaphunzirira pa bodi ya B450 yokhala ndi purosesa ya AMD ya Ryzen 5 3600. Nditayatsa XMP ya liwiro la 3600, mafani anazungulira, sikirini ili bii, kagetsi ka pa bodi kolembedwa DRAM kali ngwee. Inazima n'kuyakanso yokha kangapo, kenako inabwerera pa 2133. Munthu akhoza kufulumira kunena kuti RAM ndi yakufa, pomwe ilibe mlandu. Chowongolera memory chili m'kati mwa purosesa, ndipo AMD inalonjeza DDR4-3200 yokha pa mapurosesa a Ryzen 3000, gulu lomwe muli yangayi. Kupitirira apo zimadalira purosesa yako, bodi yako, komanso AGESA, pulogalamu ya AMD ya m'kati mwa BIOS yomwe imayesa RAM poyatsa mpaka igwirizane ndi purosesa.

Mbiri ya AGESA inandikoka mtima. Ryzen yoyamba itatuluka mu 2017, anthu ambiri ankalephera kufikitsa RAM yawo pa liwiro lomwe analipira. Chaka chomwecho AGESA 1.0.0.6 itabwera, RAM yomweyo pa mabodi omwewo inayamba kuthamanga. N'chifukwa chake masiku ano ndimayamba ndaona deti la BIOS ndisanasinthe nambala ina iliyonse.

Kuika BIOS yatsopano ndi ntchito yofuna mtima wodekha. Fayilo ikhale ya bodi yomweyo ndendende, chifukwa maina amafanana kwambiri, ndipo flash disk ikhale ya FAT32. Magetsi akathima ntchito ili pakati, bodi ikhoza osayakanso, choncho kuno kwathu sindingayerekeze popanda UPS, batire losunga kompyuta ili yoyaka magetsi akathima. Mabodi okhala ndi batani la BIOS Flashback, lomwe limaika BIOS ngakhale kompyuta isakuyaka, amapulumutsika, koma si onse ali nalo. Ntchitoyi ikatha, zonse zomwe unasintha mu BIOS zimafufutika, ndipo ndi bwino kuyambira pa default m'malo mobwezera za BIOS yakale.

Zina n'zazing'ono koma zimavutitsa. RAM ziwiri pa bodi ya mipata inayi zimalowa mu A2 ndi B2, wachiwiri ndi wachinayi kuchokera pa purosesa. Zikakhala zinayi chowongolera chimalemedwa, nthawi zambiri liwiro limayenera kutsika. Kompyuta ikakaniratu kuyaka, umachita Clear CMOS (kubwezera BIOS pa default) kapena kuchotsa kabatire ka pa bodi ka CR2032 kwa kanthawi, chingwe cha magetsi utazula.

Pa Ryzen 3000 palinso Infinity Fabric, njira yolumikiza zigawo za m'kati mwa purosesa, yomwe imayenda bwino ikamayendera limodzi ndi memory: DDR4-3600 imafuna kuti liwiro la njirayi, lotchedwa FCLK, likhale 1800 MHz. Apa ndi pomwe ndimasamala kwambiri ndi SoC voltage, mphamvu yopita ku gawo la purosesa lomwe muli chowongolera memory. Mu 2023 mapurosesa ena a Ryzen 7000X3D anapsa mphamvu imeneyi itakwera mopyola, mpaka AMD inaika malire a 1.3V kudzera mu AGESA yatsopano. Ngakhale nkhaniyo ndi ya mabodi a AM5, omwe ndi osiyana ndi yangayi, ine inandiphunzitsa kuwerenga nambala zomwe bodi yadziikira pa Auto, osangozikhulupirira.

Chomwe sindigwirizana nacho ndi kunena kuti zatheka chifukwa Windows yatseguka. RAM yosakhazikika imatha kuononga mafayilo mwakachetechete, mwini wake n'kudzazindikira mochedwa. Ndimasintha chinthu chimodzi, kulemba m'kope, kenako kusiya MemTest86, pulogalamu yofufuza zolakwika mu RAM, ikuyenda usiku wonse. M'mawa ndimayang'ananso mu Event Viewer, momwe Windows imalembamo zochitika, ngati muli zolakwika za hardware zotchedwa WHEA, zomwe nthawi zambiri zimaloza ku FCLK. Ndi BIOS yatsopano bodi ija inayaka pa 3600, koma MemTest86 inapezabe zolakwika, ndiye ndinaitsitsa kufika 3466 pomwe inadutsa yoyera. Gawo lotsatira ndikufuna kumvetsa ma timing (nthawi zomwe RAM imadikira pochita ntchito iliyonse), kuyambira pa CL ndi tRFC.