Momwe ndinaphunzitsira kompyuta yanga kudzisesa yokha

Kashopu kanga kali ku Rosettenville, kumwera kwa Johannesburg. Ntchito yake ndi fotokope, kulemba ma CV ndi kusikana mapasipoti, ndipo ambiri obwera ndi anzathu ochokera kumudzi. Laputopu yomwe imandidyetsa ili ndi SSD, malo osungira mafayilo, ya 128 GB basi. Lolemba lina, mayi wina ataimirira pakauntala kudikira kalata yawo, kompyuta inakana kusunga fayilo. Nditayang'ana pa C:, pomwe pamasungidwa mafayilo, mzere woonetsa malo unali wofiira, kusonyeza kuti padzaza. Ndinawauza kuti, “Amayi, pepani, takhalani kaye pampandopo,” ine thukuta lili kamukamu kufufuta zinthu chimodzichimodzi.

Madzulo ake ndinakhalira pansi nkhaniyi. Ndinalowa mu Settings, kenako System, kenako Storage. Mmenemo muli Storage Sense, yofufuta yokha mafayilo osafunika, yomwe Windows 10 inabwera nayo mu 2017, koma ine zaka zonsezi sindinaiyatsepo. Ndinaiyatsa, ndikusankha kuti izigwira ntchito sabata iliyonse, izichotsa mafayilo osakhalitsa omwe mapulogalamu amasiya, komanso izikhuthula Recycle Bin zinthu zikathamo masiku 30. Apa panalibe chovuta.

Pomwe ndinalakwa ndi pa Downloads. Pamenepa Windows imasiya pa Never, kutanthauza kuti isafufutemo kanthu, ndipo amene anakonza choncho sanali wopusa. Ine chifukwa cha ukali wa tsiku lija ndinaika masiku 14. Patatha mwezi kunabwera achimwene ena aku Mangochi kuti tiwonjezere nambala yatsopano pa CV yawo. Sinapezeke, Storage Sense inali itaifufuta mu Downloads. Tinayambanso kulemba, iwo akukumbukira zaka zomwe anagwira ntchito ya m'dimba ku Randburg, ine ndikutaipa ulere. Tsiku lomwelo ndinabwezera pa Never.

Koma zinyalala zenizeni za mu shopu ngati yanga si za Windows ayi. Ndi mapasipoti, mapemiti ndi makalata a kubanki omwe anthu amanditumizira pa WhatsApp kuti ndisindikize. Kuno kuli lamulo la POPIA, lomwe linayamba kugwira ntchito mokwanira pa 1 July 2021, ndipo silifuna kuti uzisunga zinsinsi za munthu ntchito yake itatha. Ngakhale lamulolo likanapanda kukhalapo, pasipoti ya mwiniwake ikhaliranji mu laputopu yomwe akhoza kunditsomphola pa takisi?

Ndiye ndinatsegula foda imodzi, C:\Makasitomala, yopanda mafoda ena mkati. Chilichonse chongosindikiza chimapita mmenemo, pomwe ma CV ali ndi kwawo kwina. Mu Notepad ndinalemba mzere uwu ndikuusunga ngati sesa.bat:

forfiles /p "C:\Makasitomala" /d -30 /c "cmd /c echo @path"

Mawu akuti echo amangoonetsa mayina a mafayilo omwe atha masiku 30 osasinthidwa, safufuta kanthu. Ndinauyesa mu Command Prompt, kawindo kakuda kolembamo malamulo a kompyuta, ndikuwerenga mndandanda wonse bwinobwino, kenako m'malo mwa echo ndinaikamo del. Musathamangire pamenepa, chifukwa chomwe del yafufuta sichidzera mu Recycle Bin. Chinanso, forfiles imayang'ana tsiku lomwe fayilo inasinthidwa komaliza, osati lomwe munaikopera, choncho kalata ya chaka chatha yochokera pa fulashi ya kasitomala imapita ulendo woyamba womwewo.

Chotsala chinali Task Scheduler, pulogalamu ya Windows yoyambitsa ntchito pa nthawi yomwe mwaiuza. Ndinasankha Create Basic Task, Lachisanu lililonse 5 koloko madzulo, ndikuilozera ku sesa.bat. Nthawi imeneyo magetsi ankazimazima, batire la laputopu nalonso ndi lotopa, ndiye mu Settings za ntchitoyo ndinachonga kabokosi kouza kompyuta kuti ikaphonya nthawi, izisesa ikangoyaka.

Lachisanu loyamba ndinakhala dala ndikuyang'anitsitsa sikirini. Kawindo kakuda kanangoti phethi, n'kuzimiririka. Nditatsegula foda ija, munatsala mapepala a mwezi womwewo okha.