Tsiku limodzi lokha, makatani onse apita

Alamu anga ndinasiya kuwakhulupirira pa 1 Epulo 2024, tsiku lija anthu amapusitsana. Tsiku limenelo anandiimbira foni mbandakucha kuti basi ya ku Blantyre yafika pa Park Station ku Johannesburg, ndipo amayi atumiza chambo chouma ndi ufa woyera. Ndinaima pamenepo maola atatu, kufunsa kondakitala aliyense ngati wamisala. Chambo kunalibe, basi kunalibe. Pofika kunyumba ndinawapeza akudya nsima yanga, misozi ili mbwembwembwe ndi phwete.

Nkhani imeneyi muisunge, ibweranso.

Titalipira lendi zaka 14 ku Rosettenville, ine ndi mayi a Chisomo tinapeza nyumba ku Kibler Park. Zipinda zitatu, mtengo wa mandimu kuseri, geti la rimoti lomwe limafuna kulithandiza ndi phazi kuti litseguke. Mwini wake ankafuna R1,250,000. Koma ine ndinakulira mumsika wa Limbe, munthu sandigulitsa tomato osandiikira basera. Ndinanenerera mpaka R1,200,000, ndipo sabata yonseyo ndinkayenda ngati ndagula Johannesburg yense.

Ejenti anati tikasayine Lolemba, pa 31 Malichi 2025. Lamlungu madzulo alamu aja anatulukira. Iwo amagwira ntchito yotumikira pa ofesi ina ya maloya, ndiye makutu awo amatola zambiri.

"Alamu, mawa musasayine. Dikirani Lachiwiri."

"Chifukwa?"

"Boma lakweza malire a msonkho wogulira nyumba. Panopa yosalipira ndi nyumba yosapitirira R1,100,000. Kuyambira pa 1 Epulo akhala R1,210,000. Yanuyi ilowa ulele."

"Pa 1 Epulo?"

"Eya."

"Ngati chambo chija?"

Analumbira pali agogo awo kumanda. Anatchula nduna ya zachuma, Enoch Godongwana, anatchula bajeti ya pa 12 Malichi. Bajetiyo ndinaimva, koma m'ma taxi anthu ankangokangana za VAT, za nyumba sindinamvepo kanthu. Mumtima ndinati munthu amene ananamizira amayi anga ondibereka sangaope kunamizira nduna. Akufuna ndikauze ejenti kuti ndikudikira 1 Epulo, mzungu andiseke, nyumba itengedwe ndi wina. Mayi a Chisomo anati, "Bambo a Chisomo, tsiku limodzi lingatiphe?" Ndinawayankha kuti mbuzi ikalumidwa ndi fisi kamodzi sibwereranso kuthengo komweko. Mwambi umenewu ndinaupeka pomwepo, koma unamveka ngati wa makolo.

Lolemba ndinavala jekete ya ukwati, ndinasayina ndi cholembera changa, ndinatumizira alamu chithunzi pa WhatsApp. Anangoyankha kuti, "Chabwino."

Patapita masabata awiri loya wosamutsa umwini wa nyumba anatumiza pepala la ndalama zofunika. Pakati pa mizere yambirimbiri panali mawu akuti transfer duty, msonkho wogulira nyumba uja, pambali pake 3%. Sindinawerengenso kutsogolo. Ndinatenga foni, 3% ya R1,200,000, inatuluka R36,000. Miyendo inangoti zii, ndinakhala pansi pakhitchini pafupi ndi ndowa ya mopu. Chisomo, mwana wa Giredi 9, anatola pepalalo nati, "Adadi, 3% yake ndi ya ndalama yopitirira malire yokha. R100,000 basi. Ndi R3,000, alemba apa." Ndinadzuka, ndinayamika Mulungu, ndinatsala pang'ono kuvina. Kenaka mayi ake anafunsa mwakachetechete, maso ali pa mpoto, "Nanga mukanasayina Lachiwiri ikanakhala zingati?"

M'nyumba munagwa bata loti ndinamva firiji ikulira.

M'mawa mwake ndinali kwa loya. Ndinafotokoza kuti makiyi sitinalandire, nyumba sinalembedwe m'dzina langa, ndipo tili kale mu Epulo. Mayiyo anatsitsa magalasi nandiuza kuti a SARS, bungwe lotolera misonkho ku South Africa, sawerenga tsiku la makiyi kapena tsiku lolembetsa ku Deeds Office, ofesi yolembetsera umwini wa nyumba, amawerenga tsiku limene mgwirizano unasayinidwa. Msonkhowo uyenera kulipidwa pasanathe miyezi 6, apo ayi umayamba kubereka chiwongoladzanja, ndipo popanda lisiti la SARS nyumba sisamuka kupita m'dzina la wogula.

Apa ndi pamene ndinadzichotsa ulemu. Ndinasendera pafupi, ndinatsitsa mawu, ndinaloza pa deti.

"Amayi, 31 uyu, titangofufuta 3, satsala 1?"

Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Atsala 1 Malichi, bambo. Mwabwerera m'mbuyo mwezi wathunthu. Ndiponso umenewo ndi mlandu."

Ndinalipira. Kunena zoona, ndalama za maloya ndi zolembetsera ngongole ya kubanki zinali zambiri kuposa pamenepo, koma zimenezo sizinandipweteke, aliyense amalipira. R3,000 iyi inali ndi dzina langa pamphumi. Choipitsitsa, inachokera mu envelopu ya mayi a Chisomo yolembedwa kuti "makatani".

Tinalowa m'nyumbamo mu Juni, kuzizira kwa Joni kuli pachimake. M'mawindo a pabalaza tinapachika zitenje ziwiri, china cha msonkhano wa amayi a kutchalitchi, china chamaluwa chong'ambika pakona, zomangidwa ndi mapegi ochapira. Alamu anabwera kudzaona nyumba atanyamula kathumba. Anazungulira pabalaza manja ali kumbuyo, anagwira chitenje chimodzi, nachisisita ngati ali m'sitolo.

"Alamu, awa ndiye makatani a SARS aja?"

M'kathumbamo munali chambo chouma, chenicheni.