Si bokosi la maliro, ndi bass

Choyamba tigwirizane chinthu chimodzi, chimene mwachiona pa video ija ya band yathu ku chinkhoswe, chakuda chili pamiyendo panga ndikuimba, si bokosi la maliro. Ndi bass gitala. Ili ndi nsambo zinayi, ili ndi ma pickup (tizida togwira kulira kwa nsambo), ndipo imalira bwinobwino mukailumikiza ku amp. Ndikudziwa kuti ena mwa inu mwayamba kale kundiitana kuti adzukulu, wina mpaka wanditumizira K500 pa foni ati chipepeso, ndalamayo ndadya ndithu koma nkhaniyi muimve kwa mwini wake, osati kwa wa ma drums wathu uja yemwe tsikulo anali atagwetsa kale mapaketi a Chibuku asanasukusule nkomwe.

Mu band mwathu aliyense ali ndi mpingo wake pa nkhani ya zakumwa. Wa ma drums ndi wa Chibuku, amati iye samwa mowa koma amadya, poti paketi imodzi ndi nsima ndi ndiwo zomwe. Wa lead ndi wa Green basi, ndipo akafika botolo lachitatu amayamba kutiphunzitsa kuti fakitale ya Carlsberg ya ku Blantyre inatsegulidwa mu 1968 ndipo inali yoyamba kunja kwa Denmark, amazinena modzigunda pamtima mungaganize kuti anaponda nawo matope a njerwa zake. Wa kiyibodi anakulira mu kwaya ndiye iye ndi wa wine wotsekemera wa m'katoni uja, ati ameneyu yekha ndi amene analembedwa m'Baibulo. Ine ndine wa whiskey. Zoti sindinagulepo botolo lathunthu imeneyo ndi nkhani ya chuma cha dziko, ine ndimagula tot imodzi nkumaizunguza m'tambula mpaka ice yonse itasungunuka, class imakhala pamenepo.

Ndiye usiku wina ku bottle store titachoka ku practice ndinawauza anyamatawa kuti anthu oimba bass padziko lonse ndi anthu odziwa kumwa. Lemmy wa Motörhead moyo wake unali whiskey wa Jack Daniel's wothira Coke, moti atamwalira mu 2015 anthu anayamba kuchitchula chakumwacho dzina lake. Geddy Lee wa Rush ali ndi mabotolo a wine masauzande kunyumba kwake ku Toronto. Les Claypool wa Primus anatopa ndi kugula, anangotsegula kampani yake yopanga wine ku California. Ndipo mfumu ya onse ndi Michael Anthony wa Van Halen, amene cha m'ma 1984 ankakwera pa stage ndi bass yopangidwa ndendende botolo la Jack Daniel's, lakuda, la makona anayi, malemba oyera ndi chilichonse. Ndinawaonetsa pa foni. Wa ma drums anangoyang'ana kamodzi, nkupukuta masese kukamwa, ati "aise azungu akowo botolo akungolijambula, Gasper Nali wa ku Nkhata Bay babatoni wake amaimba ndi botolo lenileni, nsambo imodzi, kamtengo dzanja ili botolo dzanja linali, ndipo wakwera nazo ndege. Iwe wakwera chani?"

Zinandipweteka chifukwa zinali zoona. Usiku womwewo ndinalumbira kuti ndikhala ndi bass ya botolo.

Tsono ma bass opangitsa mwapadera si masewera. Ku Brooklyn kuli a Fodera amene amapangira katswiri wa bass Victor Wooten, kumeneko bass imodzi imatha kudutsa madola 10,000 ndipo umadikira miyezimiyezi, ndalama imeneyo kuno ndi poloti ndi njerwa zake. Koma ndinaganiza kuti kodi chovuta nchani, mitengo imene azungu amaipembedza pa magitala, mahogany, wenge, bubinga, yambiri imachokera ku Africa konkuno, ife tili ndi mbawa ndi mlombwa. Khosi la gitala ndinali nalo kale, la bass yanga yakale ya ku China imene inasweka thupi itagwa pa lole, ma pickup ndi bridge (kachitsulo kogwira nsambo pathupi) zinalipo. Chimangofunika ndi thupi basi. Thupi ndi thabwa. Thabwa ndi kalipentala.

Apa ndiyankhe amene mukuti ndinachita kusankha dala wopanga mabokosi. Kwathu kuno ndiuzeni kalipentala wa m'mbali mwa msewu amene sapanga mabokosi. Pa shedi yomweyo pamakhala bedi, sofa, display cabinet ndi bokosi zitatsamirana, ndipo madala amene ndinapitako anandipangirapo tebulo labwino kwambiri. Ndinawaonetsa chithunzi pa foni yanga yosweka screen ija, ndinawafotokozera kuti pansi pakhale makona anayi, m'mwamba mapewa apendekeke kulowera ku khosi, penti yakuda yowala, malemba oyera pakati. Anagwedeza mutu ati "mwana wanga usadandaule, shape imeneyi ndimaidziwa bwino." Mawu amenewo ndimawamvabe kutulo. Ine chimene ndinalimbikira ndi muyezo, chifukwa bass ya mtundu wa Fender kuchokera pa nut (pamene nsambo zimatsamira kunsonga kwa khosi) kufika pa bridge ndi mainchesi 34, ndipo fret (tizitsulo topingasa pakhosi) ya 12 iyenera kukhala pakati penipeni, ukaphonya pamenepo gitala imanama manotsi moyo wake wonse. Ndinayeza ndekha, ndinalemba ndi pensulo pa thabwa. Pamene ndimatuluka anandifunsa dzina lonse ndi chaka chobadwa, ine ndimaona ngati nza pa receipt.

Ndinakaitenga m'mawa wa tsiku la chinkhoswe lomwelo, poti madalawo ankangoti vanishi sanaume.

Abale inu. Madala aja ndi mkulu wa mpingo, ndiye ati atawerenga bwinobwino malemba a pachithunzi anaona kuti ndi dzina la mowa ndipo dzanja lawo silingalembe zimenezo. Pamalo pa Jack Daniel's analemba dzina langa lonse, ndi la agogo lomwe, malemba opotanapotana okongola. Pamalo pa mawu a pabotolo akuti Old No. 7 anaika Salimo 150:4, ati ndi vesi ya zoimbira za nsambo, ndipo ndinakaiona ndi zoonadi. Pansi pake chaka changa chobadwa, kenako kamzere, kenako malo opanda kanthu. Ndinawafunsa kuti kamzereka nkachani madala, ati "pepa mwana wanga, dzanja linazolowera." Thabwa anagwiritsa mlombwa wochindikala wa zitseko, osaboola mkati, moti bass wamba imalemera makilo anayi kapena asanu koma iyi titaiika pa sikelo ya wogula nandolo pafupi pomwepo muvi unakaima pa 13. Poona kulemerako anandiganizira, anakhomera zogwirira zasiliva, ziwiri mbali iyi ziwiri mbali inayo. Ati zimenezo ndi bonasi sindilipira.

Nthawi inali itatha, chinkhoswe chinali kumudzi wina kupitirira Lunzu, anzanga ndi zida zina anali atanyamuka kale pa pickup kusiya ine ndi wa ma drums. Chikwama cha bass yakale sichikanakwana. Tinaikulunga mu nsalu imene inalipo pa shedi paja, ndipo pa shedi ya munthu wotere nsalu imene imapezeka ndi yoyera. Mu minibus kondakitala sanatilipiritse katundu, anangoti "pepani akuluakulu" nkuuza mayi wina kuti asunthe, driver anazimitsa wailesi. Ine ndinangoti lero tagwa m'manja mwa anthu aulemu.

Titatsika pa stage panatsala mtunda woyenda pansi, ndiye tinagwira zogwirira zija wina uku wina uku, pang'onopang'ono chifukwa cholemera, mitu yowerama chifukwa cha dzuwa. Bambo wina wa njinga anatsika nkuvula chipewa. Anyamata a pa bawo anaimirira. Kamwana kena kanathamangira kutchire nkubwera ndi nthambi za masamba nkuyamba kuyala pamsewu, ine nkumati koma mudzi uno alendo amawalandira bwino bwanji. Wa ma drums anali atazindikira kalekale chimene chikuchitika, m'malo mondiuza anangokwinya nkhope nkuyamba kung'ung'udza nyimbo ya kwaya chapansipansi, mapazi akukoka.

Tinalowera kuseri kwa nyumba kumene azimayi amaphika. Gogo wina amene amasankha mpunga anadzutsa mutu, anayang'ana ife, anayang'ana nsalu yoyera, anayang'ana zasiliva zija zikunyezimira, lichero linagwa. Mayooo! Mpunga mbwee pansi. Ndipo inu mukudziwa kuti kulira kwa azimayi sikudikira kufunsa, mmodzi akayamba ena amalandira, moti mphindi imodzi isanathe amene amavundula nsima anali atasiya mthiko mumphika manja ali kumutu, amene amadula kabichi akugubuduka, wina akuitana dzina la mwamuna wake amene ali ku Joni. DJ anazimitsa nyimbo. Ine ndikuti ayi amayi, ayi, ndi gitala, koma mawu anga akumira. Gogo uja anakwawa mpaka pamapazi anga nkugwira nsalu, ati "ndani watisiya mwanangaa, ndani watisiyaa," kenako anaona khosi la gitala litatulukira kunja kwa nsalu ndi makiyi ake anayi, anasiya kulira kaye pang'ono, analiyang'anitsitsa, nkuyambiranso mokweza kuposa poyamba ati ngakhale bokosi lomukwana sanamupezere. Pamenepo wa ma drums anatula mbali yake nkukhala pansi, mapewa akugwedezeka, misozi ili chuchuchu chifukwa cha kuseka, ndipo azimayi awiri anapita kukamugwira ati uyu ndiye mwini maliro, limbani mtima achimwene.

Ndinaganiza kuti njira yachidule ndi kuvundukula nsalu kuti aone okha. Ndinavundukula. Chakuda, chowala, dzina, vesi, chaka, kamzere. Mtsikana wina wa sukulu anawerenga dzinalo mokweza kuti onse amve, ndipo wa kiyibodi amene amabwera akuthamanga kuchokera ku tenti anangoti "aaa koma ameneyo si uyu waima apayu?" Theka la azimayi aja linathawa.

Ankhoswe a mbali zonse ziwiri anabwera, a kuchikazi akuti a kuchimuna atumiza zimenezi dala, a kuchimuna akuti band anaipeza ndi a kuchikazi. Kenako nduna ya amfumu, ati zatheka bwanji kulowetsa zovuta m'mudzi osadziwitsa mfumu. Ndinagwada, ndinafotokoza za Van Halen, za Tennessee ku America kwawo kwa Jack Daniel's, mpaka ndinawauza kuti ku Lynchburg kumene amatcheza whiskey ameneyu ndi dera loletsa kugulitsa mowa m'mabala, sindikudziwa kuti ndimaganiza kuti mfundo imeneyo indithandiza bwanji. Amfumu anamvetsera zonse modekha nkuti "mwana wanga, nkhuku imodzi." Ndinalipira ya ndalama, pamodzi ndi mpunga wa gogo uja.

Koma tinaimba, ndipo apa ndi pamene video yanu ija ikuyambira, ndiye muzidziwa kuti munthu amene mukumuona atakhala pa mpando chinthu chili pamiyendo anali atadutsa kale m'zambiri. Lamba anaduka pa nyimbo yoyamba, makilo 13 si a lamba wa gitala, nchifukwa chake ndinakhala pansi. Nkhope yachisoni ija ndi miyendo imene inachita dzanzi. Ndipo zoti pa perekaniperekani anthu anasiya lichero la akwati nkumadzaponya ndalama pamwamba pa bass yanga, ena akugwada kaye, ine sindinawatume. Ankhoswe anadzaziwola zonse, ngakhale K50 sindinaione.

Chimene palibe akuchinena mu ma comment anuwo ndi sound. Mvetseraninso ndi ma headphone. Mlombwa umene uja notsi ukaimenya imakhala, siithawa, E ya pansi imachita kugwedeza mapoto kuseri, ndipo tuning inali yolondola mpaka kumapeto kwa khosi chifukwa mainchesi 34 aja ndinayeza ndine. Wa lead amene sayamikira munthu anavomera yekha atamwa Green wachiwiri kuti chinthucho chimalira. Anawonjezera kuti chimalira chifukwa ndi ntchito yake, koma kuvomera anavomera.

Panopa mayi anga akana kuti ilowe m'nyumba, landlord naye wati ngakhale pakhonde ayi, ndiye ikukhala kwa wa ma drums, amene akuikirapo mapaketi ake ati ndi tebulo labwino losagwedera. Madala aja ndinawaimbira kuti mwina tichotse zogwirira ndi kufufuta kamzere, ati ndibwere nayo Lachiwiri koma sabata ino ali ndi maoda ambiri. Loweruka tili ndi ukwati ku Chirimba, amene ali ndi bass yobwereka andiuze, ya shape ina iliyonse.