Loweruka lathera pa C: ndi D:

M'mawa uno ndimangofuna kutsitsa mafayilo awiri a kuntchito, koma laputopu inandikanira kuti malo atha. Nditatsegula File Explorer, kamzere ka pansi pa C:, chigawo cha diski chimene mumakhala Windows, kanali kofiira psuu, patangotsala 2 GB. Pambali pake D: ali phee, malo oposa 200 GB ali mbee. Chonsecho hard disk ndi imodzi yomweyo ya 500 GB, imene Windows imaionetsa ngati 465 GB poti iyo imawerengera pa 1,024 pamene opanga amawerengera pa 1,000. Mnyamata amene anandiikira Windows zaka zapitazo anaidula pawiri: C: anaipatsa 100 GB, zotsala zonse n'kupita kwa D:. Nthawi imeneyo ndinamuyamikira kuti ndi katswiri.

Ndinayamba ndi Disk Cleanup. Inasesa zinyalala za ma update akale n'kundibwezera ka 6 GB. Kameneko sikangafike ngakhale mwezi wamawa.

Ndiye ndinati ndisunthe malire. Ndinatsegula Disk Management, chida cha mu Windows chogawira diski, n'kudina kumanja pa D:, Shrink Volume kuti ndimuchepetse, n'kulemba 102400, yomwe ndi 100 GB, poti kumeneko amawerenga ma MB. Pasanathe mphindi panaoneka kachigawo ka mutu wakuda kolembedwa Unallocated, kutanthauza malo opanda mwini. Ndinadziombera m'manja ndekha. Kubwerera pa C: kuti ndidine Extend Volume ndimukulitse, mawuwo ali otuwa, osadinika. Ndinadinabe katatu, ngati kuti makina amamva chisoni.

Ndinayang'anitsitsa chithunzi cha diskiyo mpaka ndinaona vuto. C: ali kumanzere, D: pakati, malo opanda mwini aja ali kumapeto kwenikweni kumanja. Disk Management imakulitsa partition, kutanthauza chigawo ngati C: kapena D:, pokhapokha malo opanda kanthu agundana nayo kudzanja lamanja. Zili ngati amfumu akupatsa tsala kuseri kwa munda wa mnansi: malowo ndi ako ndithu, koma mizere yako singadumphe chimanga cha eni ake.

Ndinaimbira mlamu wanga amene amakonza makompyuta m'tauni.

"Alamu, pamenepo pafunika GParted, pulogalamu yosunthira ma partition," anatero. "Muiike pa flash, muyatsire laputopu pamenepo, mukankhire D: yense kumanja. Koma musanakhudze kanthu, kopelani zonse. Bwerani mudzatenge external yanga, hard disk yolumikiza kunja ija."

Ndinakwera minibasi kukatenga, ndipo pobwera ndinathira bundle n'kutsitsa GParted. Kukopela kunayamba cha m'ma 1 koloko: zithunzi za ukwati wathu, mavidiyo a kwaya ya mayi a ana, mapepala anga a sukulu, zonse pafupifupi 160 GB. Cha m'ma 3 magetsi anathima. Batire la laputopu yangayi ndi nkhalamba, likapirira kwambiri ndi mphindi 40. Ndinaimitsa kukopela, n'kuzimitsa, n'kukhala pakhonde.

Kukhala pakhondepo n'kumene kunandipulumutsa. Kukankha partition si kungosuntha mzere pa chithunzi ayi. Pulogalamuyo imanyamula deta yonse pang'onopang'ono n'kukailemba malo atsopano, ndipo pa diski yozungulira ngati yangayi zimatenga maola. Makina atazima ntchito ili pakati, D: akhoza kutsala wosawerengeka. Ndiye ndinadzifunsa: ngati katundu yense akhala ali kale pa external, ndikuvutikiranji kusuntha nyumba ndi anthu ali momwemo?

Magetsi atabwera cha m'ma 5 ndinamaliza kukopela. Sindinangokhulupirira. Ndinayerekeza chiwerengero cha mafayilo mbali zonse ziwiri, n'kutsegula zithunzi zingapo ndi vidiyo imodzi kuchokera pa external. Mayi a ana anaima kumbuyo kwanga manja ali m'chiuno.

"Bambo, nyimbo zathu zikasowa mukaimba nokha kutchalitchi."

Chala chinanjenjemera pa Delete Volume, koma ndinadina. D: anafafanizika, malo onse a 365 GB n'kukhala amodzi, ogundana ndi C:. Extend Volume inadzuka. Ndinapatsa C: 102400 ija, zotsalazo n'kupanga partition yatsopano podina New Simple Volume, ndipo ndinaonetsetsa kuti chilembo chikhale D chomwecho kuti ma shortcut akale asasokere. Zonsezi sizinathe mphindi zisanu. GParted ija ili mu Downloads, sindinaigwiritse ntchito, bundle inangopita.

Pano ndi 9 koloko usiku. Kamzere ka C: kasanduka kabuluu. Mafayilo akubwerera kwawo, kawindo kakuti patsala mphindi 50, ndipo kakhala kakunena zomwezo kuyambira pamene ndimasamba m'manja kuti ndidye. External akuifuna mawa tikangoweruka kutchalitchi.